Ada Gezani ndi Mliri wa M'laputopu

Pa boma la Mzimba sipanakhalepo munthu woopa tizilombo ngati malemu a Yoram Zgambo. Ena amaopa njoka, ena afiti, ena apongozi awo. Iwo ankaopa zinthu zosaoneka ndi maso, ndipo sankadziopera okha, ankaopera tawuni yonse. Dzina loti Yoram ankalidziwa ndi a ku ofesi ya penshoni basi. Ife tonse tinkawatchula Ada Gezani, chifukwa akakumana ndi munthu mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwawo sanali moni, anali "Gezani!", ndiye kuti sambani m'manja.

Unyamata wawo wonse anathera pa ntchito ya zaumoyo, akupalasa njinga m'midzi ya ku Manyamula mpaka kukafika ku Jenda, kuyendera zimbudzi ndi zitsime. Boma litawauza kuti apume, zikuoneka kuti uthengawo unalowera khutu lina n'kutulukira lina. Ankadzukabe m'mawa, kuvala jasi lawo la khaki, n'kumangirira chigubu cha madzi a kolorini pa kaliyala, sopo akulendewera pa chingwe. Ukawatambasulira dzanja ankaliyang'ana ngati wawapatsa namkalizi. Nkhope yawo nthawi zonse inali ya munthu amene wakumbukira ali kale m'basi kuti sanakiye chitseko. Anthu ankanena kuti ntchentche za pa msika zinkalidziwa belu la njinga yawo, zikangolimva zonse ulendo wa ku Kasungu.

Amene analipo pa ukwati wina mu holo ya tchalitchi saiwala. Nyimbo ikulira, mkwati watenga keke kuti amudyetse mkazi wake, anthu a makamera akonzeka. Ada Gezani dzu! pakati pa holo.

"Imani! Mnyamata uyu wakhala akupereka chanza kuyambira m'mawa. Ndakhala ndikumuona."

"Ada, ndapota, lero lokha," anawanong'oneza mkulu wa mwambo.

"Kachilombo sikadziwa kuti lero ndi ukwati."

Nyimbo inazimitsidwa, mkwati anapinda manja a suti, n'kusamba pamaso pa holo yonse, amayi akululutira.

Koma nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi ya laputopu. Mwana wawo Esme anali ku Joni ndi mwamuna wake Lloyd, monga achitira ana ambiri a kuno. Atakhala ndi pakati, Esme anatumiza laputopu kudzera kwa anyamata onyamula katundu aja, n'kunena kuti, "Ndikufuna ndiziona nkhope zanu tikamalankhula." Bokosilo silinalowe m'nyumba tsiku limenelo. Ada Gezani analiyanika padzuwa ngati chimanga, uku akazi awo, Anyashaba, akulizungulira ndi mtima wofuna kuona zam'kati. Atakhutira kuti tizilombo ta ku Joni tapsa, anaipukuta laputopuyo ndi sipiliti, n'kuiika pa tebulo, n'kuikutira neti ya udzudzu.

Anaikonda, osati masewera. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankakhala awiriwo moyandikana, Esme n'kuonekera pa sikirini, mimba ikukula. Masiku enawo Ada Gezani ankalowetsa kamodemu m'mbali n'kumawerenga za matenda a m'mayiko onse. Zimenezi sizinawathandize. Munthu amene kale ankaopa kolera ndi kamwazi basi tsopano anadziwa mayina a matenda ena ambirimbiri, ena a ngamila, ena a mileme, ndipo onsewo ankawayembekezera kuti atsika basi ya madzulo.

Ndiye tsiku lina masana, mwezi wa Juni, mphepo ya ku Viphya ikulowa m'mafupa, akuwerenga za chimfine cha mbalame, pakati pa sikirini panatumphuka kawindo kofiira kakulira ngati ambulansi. Kanalembedwa m'Chingerezi, zilembo zikuluzikulu: CHENJEZO! KOMPYUTA YANU YADWALA!

Anadina kamtanda ka pakona kuti katseke. Kanatseka, koma m'malo mwake munabadwa tiwiri, kena kotsatsa mankhwala ophwetsa mimba, kena ka juga ya mpira. Atatseka timeneto panatuluka kena kowauza kuti apambana foni. Ankati akatseka uku, kwina kwatseguka, ngati munthu amene akutseka una wa mbewa. Kenako panadzaza sikirini yonse mtsikana wina womwetulira, atavala kansalu koti sikangakwane kumangira mchere. Nthawi yomweyo Anyashaba analowa ndi tiyi.

"Awiske Esme, uyu ni njani?" anawafunsa m'Chitumbuka bambo a Esmewo kuti ameneyu ndi ndani.

"Sindimudziwa."

"Simumudziwa koma akukumwetulirani? Walemba chiyani pamenepo?"

Ada Gezani sankatha kunama, ndiye anamasulira monga zinalili. "Akuti ali pafupi, kuno ku Mzimba konkuno, ndipo akusungulumwa."

"Wa kuno? Mwana wa ndani ameneyu? Ndikaonane ndi mayi ake." Anyashaba anaika kapu pa tebulo mwamphamvu mpaka tiyi kutayikira. "Ndipo muuzeni avale. Juni uno afa ndi chibayo asanakupezeni."

Koma amuna awo sankamva n'komwe. Anatseka laputopu ija pang'onopang'ono, ngati akutseka maso a maliro, n'kunena ndi mawu otsika, "Anyashaba, m'nyumba muno mwagwa mliri."

Zimene anachita ndi zimene anazidziwa moyo wawo wonse. Wodwala amayenera kubindikiritsidwa. Laputopu inakulungidwa m'mapepala a pulasitiki, n'kutsekeredwa m'kachipinda kosungira makasu, pakhomo pake n'kumangapo chingwe. Kenako anakumbukira kuti mafoni awo onse awiri anali atalumikizidwapo ku laputopuyo pochaja magetsi atathima. Nawonso anawazimitsa, kuwaponya m'ndowa, n'kuvindikira.

"Nanga Esme tilankhula naye bwanji?" anafunsa Anyashaba.

"Sitilankhula naye."

"Mwazungulira mutu kodi?"

"Tamverani. Tikamuimbira, kachilomboka kayenda pa netiweki mpaka kukalowa m'foni mwake. Tsiku lake lobereka likafika, mwana akuti aimbire ambulansi, pa foni n'kutuluka mankhwala ophwetsa mimba. Atseka, patuluka juga. Atseka, patuluka mtsikana uja. Nthawi ikupita. Mukufuna zimenezo?"

Anyashaba anafuna kuseka, koma ataona kuti amuna awo sakuchita nthabwala, kusekako kunabwerera.

M'mawa mwake Ada Gezani anakwera njinga kukasaka gwero, chifukwa mliri sugwa kumwamba ngati mvula, pamakhala amene waubweretsa. Anthu amene anaigwirapo laputopuyo anali awiri. Woyamba anali Mateyu, mtsogoleri wa kwaya ya ku tchalitchi, amene anabwerapo ndi fulashi kuti amvetsere nyimbo zimene kwayayo inajambula. Anamupeza akuphunzitsa, manja ali m'mwamba, amayi a mawu oyamba atatsegula kukamwa.

"Mateyu, fulashi ija ili kuti?"

"Ili m'thumbamu, Ada. Kwagwanji?"

"Itulutse. Usaigwire ndi manja. Igwire ndi mpango."

Mateyu anaitulutsa osadziwa kanthu. Asanaphethire, fulashi ija inali itamira m'kapu ya madzi a kolorini.

"Ada! Nyimbo zathu zonse za mpikisano zili mmenemo!"

"Ngati ndi nyimbo za Mulungu, zipulumuka."

Anaivuula n'kuipanitsa pa chingwe choyanikira zovala kuseri kwa nyumba ya abusa, n'kulamula kuti pasapezeke woiyandikira. Mateyu anakhala pansi pa chingwepo, chibwano m'manja, akuyang'ana kafulashi kakudontha.

Wachiwiri anali Thomson, mwini kashopu koika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pafupi ndi depoti, yemwe anawathandiza kulumikiza modemu pachiyambi. Ameneyu ndiye ankamukayikira kwambiri, poti pa kompyuta yake pankadutsa mafoni a boma lonse. Anafika n'kumanga chingwe pakhomo pa shopu, iwo n'kuima kutsogolo ngati mlonda.

"Muno simulowedwa. Bwererani."

"Ada, mukundithamangitsira makasitomala," anadandaula Thomson. "Vayirasi ya kompyuta siyenda mumpweya."

"Unayeza?"

"Sindinayeze, koma aliyense amadziwa."

"Aliyense ankadziwanso kuti madzi a pachitsime cha kwawo ndi abwino. Ndinawaika m'manda ambiri odziwa choncho."

"Mbwenu bweretsani laputopuyo ndiione. Ndi ntchito yaing'ono chomene."

"Iwe? Woganiziridwa n'kukhalanso dokotala?"

Anaima pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Mawa lake mbiri inali itafala. Ena ankati kompyuta ya Ada Gezani yagwidwa ndi ziwanda, ena ankati mwalowa mkazi wa ku Joni ndipo akukana kutuluka. Anthu akamva belu la njinga ankabisa mafoni m'masokosi.

Ife tinkaseka, koma kunyumba kwawo kunalibe woseka. Ada Gezani anasiya kudya bwino. Ankapita pakhomo pa kachipinda kaja n'kuika khutu pa chitseko, ngati angamve tizilombo tikuswana. Ankadzifunsa kuti kodi Lamulungu lomaliza lija, pomwe ankalankhula ndi Esme, matendawa anali atalowa kale? Mwina anali atamupatsira kale mwana wawo osadziwa. Mwina pomwe iwo akukhalira chonchi, foni ya Esme ili yodzaza ndi timawindo tofiira. Kuti adziwe, ankayenera kumuimbira. Kumuimbira ndiye kunali kumupatsira. Maganizo amenewa ankazungulira m'mutu mwawo ngati ng'ombe yomangirira pa chikhomo.

Lamulungu litafika, nthawi yolankhula ndi Esme itakwana, awiriwo anapezeka atakhala pa mipando yawo ya nthawi zonse, kutsogolo kwawo kuli neti yopanda kanthu. Anyashaba anaiyang'ana netiyo, n'kuyang'ana amuna awo, n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo ankalankhula nawo kudzera mwa mphaka. "Pusi, uwauze adokotala kuti madzi osamba afunda." Lamulungu linanso linadutsa chimodzimodzi. Jasi la khaki lija linayamba kuwakulira.

Loweruka lotsatira m'mawa, mkazi wa Mateyu anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja, atanyamula kafoni kake ka mabatani. Amene ankaimba anali Lloyd. Anali ataimba kwa aliyense amene anali ndi nambala yake mpaka kupeza munthu woyandikana nawo. Anyashaba anamvetsera, nkhope ikusintha. Ada Gezani anaima chapatali, manja ali kumbuyo, akuopa ngakhale kupumira kafoniko.

"Akuti chiyani?" anafunsa Ada Gezani.

"Esme amugoneka m'chipatala. Magazi akuthamanga kwambiri. Madokotala akuti mawa amuchita opaleshoni kuti atulutse mwana." Anyashaba anamvetseranso pa foni. "Akungolira. Akuti kapena tinafa ndipo anthu akumubisira, kapena tamukana. Akuti salowa m'chipinda cha opaleshoni asanaone nkhope ya adada ake."

Ada Gezani anakhala pansi pomwepo, pa dothi, munthu amene sankakhala pa mpando asanaupukute.

Anyashaba sanadikire. Analowa kukhitchini, kutenga mpeni, n'kudula chingwe cha pa kachipinda kaja. Anatuluka laputopu ili pamutu ngati mtolo wa nkhuni, modemu atamangirira pa nsonga ya chitenje.

"Mukupita nayo kuti? Anyashaba! Ndi yodwala imeneyo!"

"Odwala amapita kwa dokotala. Inu mwaiwala?"

Ankapita kwa Madamu Linily, mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale, mayi wa ku Ntcheu amene anatumizidwa kuno zaka zingapo zapitazo. Ada Gezani anaona kuti sangawaletse, ndiye anachita chokhacho chimene chinatsala: kuteteza anthu a m'njira. Anakwera njinga n'kutsogola, belu likulira osalekeza.

"Patukani! Wodwala akudutsa! Zimitsani mafoni!"

Anadutsa pa msika, anadutsa pa depoti. Amayi ogulitsa tomato anaimirira, a kabaza anapatukira m'ngalande, ena anavula zipewa poganiza kuti ndi maliro. Thomson anakiya shopu n'kutsatira. Mateyu naye anatsatira. Pofika ku nyumba za aphunzitsi, kumbuyo kwawo kunali chigulu.

Atafika, Madamu Linily anali akuchapa. Anamvetsera nkhani yonse osaseka, ngakhale ngodya za milomo yawo zinkavutika. Anapempha okha madzi a m'chigubu n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono, ndipo Ada Gezani anayamba kuwakhulupirira pang'ono. Laputopu inaikidwa pa tebulo la pakhonde, anthu atadzaza pabwalo. Itangoyaka, n'kulowetsa modemu, timawindo tija tinatuluka ngati ngumbi mvula yoyamba: tofiira, tachikasu, ambulansi ikulira, mtsikana uja akumwetulirabe.

"Sanavalebe," anatero Anyashaba.

Madamu anazula modemu, n'kutseka timawindo tonse. Kenako anayang'anitsitsa tizithunzi timene tinafola pa sikirini. Panali katsache, panali kachishango kobiriwira, panali kandowa ka thovu, panalinso kadokotala kovala magalasi.

"Bambo Zgambo, tsache ili analiikapo ndani?"

Kwa nthawi yoyamba m'masabata amenewa, Ada Gezani anawongola khosi. "Ndine. Limasesa zinyalala za m'kompyuta. Linadzipereka lokha, laulere."

"Nanga chishangochi?"

"Inenso. Chinati chimateteza ku tizilombo."

"Kandowaka?"

"Kamatsuka m'kati. Madamu, laputopu imeneyi ndinkaisamala. Chilichonse chikabwera chonena za ukhondo sindinkachibweza."

Madamu Linily anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Bambo, fulashi ya a Mateyu ilibe mlandu. A Thomson alibenso mlandu. Timapulogalamu timeneti si totsuka ayi. Ndi amalonda ovala yunifolomu ya achipatala. Mukangowatsegulira chitseko amalowa, n'kuitana abale awo, ndipo ntchito yawo ndi kukuopsezani ndi kukutsatsani malonda. Amene amatulutsa timawindo tonseti ndi iwowa."

Kenako kumbuyo kunamveka Mateyu akutsokomola mwadala.

"Ndiye kuti gwero..." Ada Gezani sanamalize.

"Gwero lakhala pampando pomwepo," anatero Anyashaba.

Koma iwo sanamve manyazi kaye, anamva mantha. "Madamu, ndiuzeni chimodzi. Ndinamupatsira mwana wanga?"

"Ayi. Zimenezi sizidutsa polankhulana. Zimakhala momwe mwaziika. Foni ya Esme ili bwinobwino, ndipo mafoni anu mukawatulutse m'ndowamo."

"Munayeza?"

"Ndimaphunzitsa zimenezi, bambo. Khalani apa muone."

Anayamba kuchotsa timapulogalamuto kamodzikamodzi. Katsache kanachoka mosavuta. Kandowa kanachoka. Koma chishango chitafikiridwa chinatulutsa uthenga wodandaula: Kodi mukutsimikiza? Mukandichotsa, kompyuta yanu ikhala pangozi yaikulu.

"Mwamva?" anatero Ada Gezani, atagwira mkono wa mpando. "Chikuti pangozi yaikulu. Mwina ichi chokha tichisiye."

"Wakuba akagwidwa amanena kuti ankalondera. Bwerani mudine nokha."

Anatambasula chala. Moyo wawo wonse sanakanepo chenjezo, ndipo apa ankauzidwa kuti alinyoze anthu akuona. Anayang'ana akazi awo. Anyashaba anangoti, "Esme akudikira." Anatseka maso n'kudina. Chishango chinafunsanso kachiwiri, mochonderera kwambiri. Apa Ada Gezani anaiwala Chichewa.

"Chikomeni! Chikomeni, Madamu!" anakuwa m'Chitumbuka, kutanthauza kuti chipheni. Bwalo lonse linagwa ndi phwete, ana akubwereza, "Chikomeni! Chikomeni!"

Ntchito inali isanathe. Madamu anatsegula pulogalamu yolowera pa intaneti n'kuchotsa tina timene tinadzimata momwemo, n'kuibwezera mmene inalili pobwera. Analetsa masamba onse amene Ada Gezani anawaloleza kutumiza mauthenga. Kenako anayendetsa chotetezera chenicheni, chimene chinabwera ndi laputopuyo kuchokera ku fakitale ndipo nthawi yonseyi chinali chozimitsidwa ndi alendo aja. Kamzere kanayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati bilimankhwe. Ada Gezani ankakayang'ana osaphethira, milomo ikupemphera. Katafika kumapeto, Madamu anazimitsa laputopu, kuyatsanso, n'kulowetsa modemu.

Panalibe chotuluka. Sikirini inangokhala phee, yoyera.

"Linda madzi apite," ananong'ona Ada Gezani, osakhulupirira.

Mwadzidzidzi kawindo kanatumphuka pakati, kakulira. Ada Gezani analumpha mpaka mpando kugwa. "Chabweranso!"

"Khalani pansi, bambo. Ndi mwana wanu akuimba."

Esme anaonekera atagona pa bedi la chipatala, nkhope yotupa, kachingwe ka diripi pa mkono. Atawaona anayamba kulira, kenako kukalipa, kenako kuliranso. Anyashaba ankalira naye. Ada Gezani anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini. Anafuna kunena zambiri, kupepesa, kufotokoza za mliri, za ndowa, za chingwe. Chimene chinatuluka ndi ichi:

"Mwana wanga, dokotala wakoyo umuyang'anitsitse mawa. Asambe mpaka m'zigongono."

Esme anaseka misozi ili mbwembwembwe. "Yewo, adada. Ndiye kuti mulidi moyo."

Mawa lake kunabadwa mwana wamwamuna, mayi ndi mwana onse ali bwino. Makolo ake anamupatsa dzina lina labwino la Chingerezi, koma kuno palibe amalidziwa. Tonse timamutcha Chikomeni, ndipo atabwera kudzaona kwawo akuyenda kale, ankavomera.

Lolemba Ada Gezani anavala jasi lawo n'kupita kwa Thomson. Anaima pakhomo, chipewa m'manja, n'kulengeza ngati akupereka lipoti kwa bwana: "Gwero la mliri lapezeka. Ndine. Shopu yako ndi yaukhondo, kupatula pakona apo pali makoko a nthochi." Kwa Mateyu anapita ndi nkhuku. Fulashi ija sinadzukenso, moti kwaya inajambulanso nyimbo zonse, ndipo Mateyu amanenetsa mpaka lero kuti zoyamba zija zinali zokoma kuposa.

Musaganize kuti mantha anatha. Anangopeza munda watsopano. Ada Gezani anayamba kuyendayenda pa depoti, akusuzumira pa mapewa a anthu amene akudikira basi. Akaona kawindo katumphuka pa foni ya munthu ankakuwa, "Osadina! Ndi wamalonda ameneyo, si dokotala!" Anthu angapo anataya mafoni pansi ndi mantha. Ndipo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankafika kwa Madamu Linily, laputopu itaberekedwa kumbuyo m'chitenje cha Anyashaba, n'kunena kuti, "Tabwera ku sikelo." Madamu ankaiyatsa, kuiyang'ana, n'kunena kuti ikukula bwino. Iwo ankafunsa kawiri kapena katatu ngati akutsimikiza, kenako ankamwa tiyi m'kapu imene anabwera nayo.

Matenda onse a ngamila ndi mileme aja sanawapeze. Anamwalira zaka zingapo pambuyo pake, masana ena a mwezi wa Okutobala, atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, akudikira kuti madzi akumwa amene anawiritsa azizire. Mtima unangoima. Anyashaba anaganiza kuti akuwodzera, n'kuwasiya kaye, poti munthuyo sankapuma kawirikawiri.

Pa maliro panabwera anthu amene sitinkawadziwa, ochokera m'midzi ya kutali, ena pa ngolo. Anali a ku Manyamula ndi madera ozungulira, azibambo a imvi ndi amayi obereka zidzukulu. Ankafotokoza za chaka china cha kolera, mmene mnyamata wa jasi la khaki ankanyamulira odwala pa njinga, mmodzimmodzi, osagona kwawo sabata yathunthu. Tinkamvetsera tikugwedeza mitu. Kenako Anyashaba, atakhala pa mphasa pakati pa amayi, ananena mawu amene ambiri aife tinali tisanawamvepo.

"Sabata imeneyo ndi imene tinataya mwana wathu woyamba, mchimwene wake wa Esme. Anatsegula m'mimba kuno, bambo ake ali kumidzi kupulumutsa ana a eni. Pobwera anapeza taika kale. Kuyambira pamenepo munthu uja sanakhulupirirenso kuti tsiku lingathe bwino lokha popanda kulilondera."

Thomson, amene anali atayamba kukamba nkhani ya chingwe cha pa shopu kuti anthu aseke, anaisiyira panjira.

Tsopano pa boma pali ufulu. Akwati amadyetsana keke ndi manja amene apereka chanza tsiku lonse. Anthu amadina chilichonse chimene chatumphuka pa foni, ndipo Thomson akuti ntchito yochotsa timawindo yamuchulukira moti walemba wothandizira. Madamu Linily akuti Loweruka loyamba la mwezi amapezeka atachotsa zinthu pa tebulo la pakhonde, kenako n'kukumbukira. Tinkadandaula kuti mkulu uja amatisowetsa mtendere, ndipo zinali zoona. Koma tsiku lina posachedwapa, mayi wina amene ankadikira basi ya ku Jenda anali ndi kamwana kumbuyo, kofooka, maso olowa m'kati, milomo youma. Anthu tinalipo ambiri, aliyense maso pa foni yake. Basi inabwera, mayiyo anakwera, inanyamuka. Itapita ndi pomwe wa kabaza wina anati, "Koma kamwana kaja sikali bwino." Tonse tinali titakaona. Panalibe amene anadzuka kukafunsa kuti kayamba liti.